Ulemu kwa Bwana Kamfa, dokotala wa m'kachitini

M'boma lathu la Marávia akuluakulu oyenera kuomberedwa m'manja alipo ambiri, koma amene wapondadi m'mudzi uliwonse, kuchokera pa Fingoè kukafika ku Malowera, ku Chiputo ndi ku Chipera, ndi mmodzi yekha. Sanapemphepo galimoto ya boma, sanafunsepo ndalama yogonera kunja, ndipo sanayambe wanenapo kuti tidikire kaye mvula ikate kuti mitsinje iphwe. Ameneyu ndi Bwana Kamfa, dokotala wa m'kachitini, amene ofesi yake ili pansonga ya chitenje cha agogo, pomwe amamangapo ndalama ndi fodya wa m'mphuno. Abambo vulani zipewa, amayi tiyeni nazo nthungululu.

Ulemu umenewu sindikuupereka mwachibwana. Boma lino ndi dziko lalikulu la mapiri ndi nkhalango: Zambia kumpoto, nyanja ya Cahora Bassa kummwera, Zumbo kumadzulo, Chifunde kummawa. Pakati pa midzi yambiri ndi chipatala pali mtunda woti munthu wabwinobwino akauyenda amakafika atadwala, ndipo wodwala amakafika atachira yekha kapena atatsikira kuli chete. Msewu wochokera ku Bene amaudziwa aliyense amene anaudutsapo: msana umayamba kudandaula ulendo usanafike ndi pakati pomwe. Ndiye taonani nzeru za Bwana Kamfa. Iye amakwera nafe galimoto lomwelo, ali phee m'katoni ya wamalonda pansi pa shuga ndi sopo, kuti msana ukathyoka mankhwala apezeke pomwepo. Ndi mkulu uti wa mu ofesi amene anatiganizirapo chonchi?

Komanso bwanayu sabwera mozemba. M'miyezi ya June ndi July, mphepo yozizira ikamatsika m'mapiri, talowani m'tchalitchi Lamulungu m'mawa. Simufunika kufunsa ngati wafika. Amene mwakhala naye pafupi wadzola pachifuwa, wakumbuyo kwanu wadzola m'mphuno, wotsogolera nyimbo wadzola pakhosi kuti mawu atseguke, ndipo mwana amene ali kumbuyo kwa amake chipumi chikuchita kung'anima. Mawindo onse atsekedwa poopa mphepo. Posakhalitsa maso a mpingo wonse akulengeza misozi, mlaliki n'kumakweza mawu poganiza kuti uthenga walasa mitima. Fungo limeneli ndimalidandaula chaka ndi chaka, koma likanati lisowe, sindikanavomera kuti nyengo yozizira yafikadi.

Madokotala ena amasankha matenda. Wina ndi wa maso okha, wina wa mano okha, ndipo ukamupititsira mwendo amakuuza kuti upite ku Tete. Bwana Kamfa sabweza munthu. Chimfine, chifuwa, litsipa, nyamakazi, kubinya, chipere, njerewere, ming'alu ya kumapazi, milomo yosweka, polumidwa ndi mavu, dzino lobooka, zonsezo amazilandira pakhomo limodzi, ndipo chithandizo chake n'chimodzi: chala, kupaka, kutikita. Amalume anga amamupaka pabondo asanapite kumunda, ati kuti bondolo lidziwiretu kuti lero kuli ntchito. Mnyamata wa njinga yamoto amamupaka m'zikope kuti tulo tisamugwire pa ulendo wausiku, ndipo timamuona akudutsa akulira, koma ali maso. Ndinaonapo mbuzi yotsokomola itapakidwa pamphuno. Inayetsemula, n'kuyang'ana mwini wake mokhumudwa, kenaka n'kupitiriza kutsokomola. Mwini mbuziyo anati: "Mwaona? Wayamba kugwira ntchito."

Mawu amenewa ndiwo maziko a ufumu wonse wa kamfa. Akawotcha, ndiye kuti akugwira ntchito. Akaziziritsa, akugwiranso ntchito. Matenda akatha patapita sabata, wachiritsa ndi iyeyo, ngakhale chimfine chimatha chokha pa nthawi yomweyo kwa munthu amene sanadzole kanthu. Matenda akakula, wolakwa ndi wodwalayo chifukwa anapaka pang'ono, kapena anasamba msanga, kapena alipo wina m'mudzi amene akumuyenda pansi. Palibe bwalo limene Bwana Kamfa anagonjapo pamlandu.

Mfumu iliyonse ili ndi mbiri ya makolo ake, ndipo ya uyu ndi yaitali. Mtengo wake, umene akatswiri amautcha Cinnamomum camphora, kwawo ndi ku China, ku Taiwan ndi ku Japan. Kumeneko anthu ankagwetsa mtengo, kuutema tizibenthu, n'kutiphika kuti nthunzi yake ikazizira isiye timibulu toyera, ntchito yosasiyana kwenikweni ndi ya amayi otcheza kachasu kuseri kwa mudzi. Japan atatenga chilumba cha Taiwan mu 1895, anaika lamulo mu 1899 loti malonda onse a kamfa kumeneko akhale m'manja mwa boma. Musaganize kuti ankamvera chisoni anthu a chimfine. Kamfa ankafunika popanga selulodi, pulasitiki woyamba amene ankapangira zipeso ndi mafilimu a kanema, komanso popanga onga wa mfuti wosatulutsa utsi. Dokotala wathu wachifundoyu anagwirako ntchito ya usilikali ali mnyamata. Kenaka mu 1903 katswiri wa ku Finland, Gustaf Komppa, anatha kupanga kamfa popanda mtengo wake, ndipo lero wambiri amachokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Kunena mosabisa, amene agogo amamanga pachitenjeyu mwina si wa magazi achifumu n'komwe, koma nkhani zotere sitikamba mfumu ili pomwepo.

Ndipo wina asatiseke kuti ndife a kutchire pomukhulupirira. Mu 1918, mliri wa fuluwenza utagwedeza dziko lonse, azungu ku America ndi ku Ulaya ankasokera kamfa m'tithumba tansalu n'kumangirira ana awo m'khosi. Zaka zomwezo abale awo anali kuno akudula zithumwa m'khosi mwa makolo athu. Mafuta a Vicks VapoRub, amene anayambitsidwa ndi wogulitsa mankhwala wa ku Greensboro ku North Carolina, Lunsford Richardson, anayenda malonda pa mliriwo kuchoka pa madola 900,000 kufika pa madola 2.9 miliyoni m'chaka chimodzi. Mwini wakeyo anamwalira ndi chibayo mu 1919. Sindikunenapo kanthu, ndangotchula chaka.

Kwathu kuno bwanayu amabwera atavala mayunifolomu osiyanasiyana. Pali Zam-Buk, amene anayamba ku England mu 1902 koma anakakhazikika ku South Africa mpaka anthu kumayesa kuti ndi mbadwa ya kumeneko. Pali Ingram's, mafuta odzola amene anayamba ku Johannesburg mu 1937. Pali Tiger Balm wa chithunzi cha nyalugwe wa mizeremizere, amene banja la Aw linayambitsa ku Rangoon lisanasamukire ku Singapore. Palinso timabale tawo tambirimbiri ta m'tizitini tofiira tating'ono, tolembedwa zilembo zimene palibe wa m'boma lino angawerenge, timene timagulitsidwa pabanka iliyonse, kaya ndi metikali kaya ndi kwacha ya ku Zambia kwa a m'malire. Onsewa fungo ndi limodzi, mtundu ndi umodzi.

Apa pali malonda amene akatswiri a zachuma sanawalembe bwino. Damu la Cahora Bassa linatha kumangidwa mu 1974, ndipo mbali ina ya gombe la kumpoto la nyanja yake ndi yathu. Magetsi ake amayenda pa mawaya mtunda woposa makilomita 1,400 kukafika kufupi ndi Johannesburg. Ife tinapereka mtsinje, ena anapereka minda ndi manda a makolo awo zimene zili pansi pa madzi. Joni nayenso si wosayamika ayi: amatitumizira kachitini kobiriwira. Ndiye usiku m'midzi yambiri timapakana kamfa mumdima, wina atagwira tochi ya pafoni, ndipo mgwirizano wa mayiko awiri umakhala wakwaniritsidwa.

Tsopano ndifike pa luso lenileni la bwanayu, limene ndimaligomera kuposa ena onse. Aliyense angalumbire kuti kamfa amatsegula mphuno. Ukanunkhiza, kamphepo kozizira kamalowa mpaka kumutu, n'kupuma mosangalala. Koma mu 1983 akatswiri a ku yunivesite ya ku Cardiff, ku Wales, anayeza ndi makina kuchuluka kwa mpweya wodutsa m'mphuno za anthu asananunkhize ndiponso atanunkhiza kamfa, mentho ndi mafuta a bulugamu. Anapeza kuti njira ya mpweya sinakule ngakhale pang'ono. Anthuwo ankangomva kuti yakula. M'mphuno ndi pakhungu muli timitsempha tomwe ntchito yake ndi kumva kuzizira ndi kutentha, ndipo kamfa ndi anzakewo amangotigirigisha timeneti. Timitsemphato timatumiza uthenga kumutu kuti kunja kwaomba mphepo yabwino, mutu n'kuvomera, mamina ali chikhalire pamalo pawo.

Kodi si ukatswiri umenewu? Vuto lili pomwepo, koma lipoti lapita kale kwa akuluakulu kuti zinthu zikuyenda. Ndani wa ife sanaonepo ntchito ya mtundu umenewu? Amabwera ndi magalimoto asanu, mbendera patsogolo, ana asukulu ataimitsidwa padzuwa kuyambira m'mawa. Amakumba kadzenje, kuikamo mwala, kudula kansalu, kuwerenga mapepala m'Chipwitikizi, womasulira n'kutiuza kuti mlatho wafika. Tonse timamva kamphepo kozizira kakulowa mpaka mumtima. Timavina, amadya mbuzi, amapita. Mvula ikagwa timawoloka mtsinje womwewo titanyamula njinga pamutu, mwala uja uli pambali ukutiyang'ana. Kusiyana kwake n'kwakuti Bwana Kamfa sadya mbuzi, ndipo chaka cha mavoti sasintha fungo. Pa chifukwa chimenechi ndikupempha kuti akadzafuna munthu woyang'anira misewu m'boma lino, aganizireko dzina lake. Ntchito idzakhala yomweyo, ndalama zidzapita zochepa.

Tisamunamizire kuti alibiretu phindu. Pa msana woŵaŵa kapena poyabwa, kutentha ndi kuzizira kwake kumasokoneza ululu kwa kanthawi, ndipo dzanja lotikita nalo ndi mankhwala paokha. Mu 2010 madokotala a ku Pennsylvania, ku America, anayesa mafuta opaka pachifuwa pa ana 138 a zaka zapakati pa 2 ndi 11 amene anali ndi chifuwa ndi chimfine. Makolo a ana opakidwawo ananena kuti ana awo anagona bwinoko, nawonso makolowo anagona bwinoko. Umenewu ndi umboni wolemekezeka. Mankhwala ogonetsa kholo la mwana wotsokomola ndi oyenera nyimbo yakeyake.

Koma pali pamene chipewa changa chimabwerera kumutu. Mwana akatentha thupi m'nyengo ya dzinja, udzudzu uli ponseponse, woyamba kuitanidwa amakhala yemweyu. Amamupaka pachipumi, pachifuwa, kumsana, kumapazi, n'kumufunditsa bulangeti. Tsiku loyamba lapita. Lachiwiri awonjezera. Malungo ali m'magazi, ndipo kachilombo kake sikanunkhiza kanthu. Kuyeza magazi ndi kadontho ka pachala kumatenga mphindi zosapitirira 20, ndipo Coartem amamwedwa masiku atatu okha. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala amenewanso gwero lake ndi chomera cha ku China, chimene mayi Tu Youyou anachifufuza mpaka kulandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma timapiritsi tachikasu timeneti sitinunkhira, sitiwotcha, sitiliza munthu, ndiye m'maso mwa anthu ena ndi ana aang'ono pamaso pa Bwana Kamfa.

Komabe agogo ndingawadzudzule mpaka pati? Mayi amene anaberekapo mwana kumbuyo kuyambira tambala woyamba, n'kukafika dzuwa lili paliwombo, n'kuuzidwa kuti woyeza wapita kumsonkhano, kapena kuti mankhwala akudikira galimoto, mawa lake safunanso kuyenda. Ena a kumpoto amangowolokera ku Zambia, cha ku Petauke kapena ku Katete, ngati ali ndi ya njinga yamoto. Amene alibe amamasula mfundo ya chitenje. Ufumu wa kamfa anaukuza si agogo okha. Akuluakulu a misonkhano yosatha aja anamuthandiza kwambiri pa kampeni.

Palinso gulu la okhulupirira kwambiri, amene amaona kuti kupaka kunja n'kutaya nthawi. Anansi anga aNambewe amakapa ndi nsonga ya supuni n'kuponya mu tiyi wotentha, ati mankhwala akafike pamene pali chifuwacho. Ndikawauza kuti pachitinipo analemba kuti si zodya, amandiyankha kuti: "Achimwene, amene analemba zimenezo sanadwalepo chifuwa cha kuno." Iwo ndi munthu wamkulu, thupi lawo ndi lawo. Chimene chimandiimitsa mutu ndi pamene supuni yomweyo yalunjika pakamwa pa mdzukulu. Kamfa akamezedwa amalowa m'magazi msanga n'kukagwedeza ubongo, ndipo mwana wamng'ono safuna wambiri kuti ayambe kusanza ndi kuphupha. Mphamvu imeneyi madokotala amaidziwa bwino chifukwa anaigwiritsapo ntchito dala. Mu 1934 ku Budapest, dziko la Hungary, dokotala Ladislas Meduna ankabaya odwala misala jakisoni wa kamfa n'cholinga chakuti agwe khunyu, pokhulupirira kuti kugwako kuwongola mutu. Ku America, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, boma linaletsa mafuta a kamfa a m'botolo chifukwa anthu ankawasokoneza ndi mafuta a nsatsi n'kumwetsa ana, ndipo linalamula kuti mankhwala ogulitsidwa m'sitolo asakhale ndi kamfa wopitirira magawo 11 pa 100 aliwonse. Opanga mafuta opaka pachifuwa amalemba okha kuti asapakidwe mwana wosakwana zaka 2, asalowe m'mphuno, asapakidwe pabala, ndipo asatenthetsedwe pamoto. Malamulo anayi onsewa timawaswa tisanadye nsima ya masana. Mwana akayamba kuphupha, mudzi umayang'ana kwa nkhalamba ya kumapeto kwa mudzi, kachitini kali phee pawindo, osatchulidwa ngakhale ngati mboni.

Alipo ndi msuweni wake wonyenga, timipira toyera tija timaika m'sutikesi kuti njenjete ndi mphemvu zisadye suti ya ukwati. Ambiri timatitchanso kamfa, koma tochuluka timapangidwa ndi nafitalini, mankhwala ena ndithu. Ana ena amabadwa ndi magazi osapirira mankhwala amenewa, ndipo khanda lovekedwa zovala zonunkha timipirati likhoza kuchita chikasu magazi ake atawonongeka. Iwo amene amaphwanyira kampira kamodzi m'madzi akumwa kuti atsuke m'mimba, awa ndiye ndilibe nawo mawu.

Chonsecho mankhwala a fungo lamphamvu sitinawasowepo. Masamba a bulugamu, a mandimu ndi mpungabwi makolo ankawiritsa mumphika, wodwala n'kudzifunditsa bulangeti kuti apume nthunzi yake, ndipo m'chaka cha 2020 ndi 2021 korona itavuta, mitengo ya bulugamu inayoyoledwa masamba ndi anthu a mataye omwe. Koma zomera kuseri kwa nyumba zilibe chivundikiro, ndipo chinthu chopanda chivundikiro sungachibwereke kwa mnzako.

Pamenepa ndiye pagona ulemerero waukulu wa Bwana Kamfa, poti kachitini kamodzi kamatumikira mudzi wonse ndipo sikatha. Tayang'anitsitsani mmene kamakhalira. Chivundikiro chake chimakana kutseguka mpaka utachikanula ndi ndalama yachitsulo kapena mano. Kakakhala katsopano, pamwamba pake pamakhala posalala, mwini wake n'kumangosisita ndi nsonga ya chala mopepesa. Pakapita nthawi pakati pamakumbika kadzenje, chitsulo cha pansi n'kuyamba kuonekera. Kenaka mafuta amatsala m'mphepete mokha, ndipo ntchito imasamukira kwa chala chaching'ono, chimene chimazungulira mkombero wonse mwaulemu. Chala chikalephera pamabwera chikhadabo, chikhadabo chikalephera pamabwera kamtengo ka machesi, kamtengo kakalephera kachitini amakaika padzuwa kuti katuluke thukuta. M'katimo mumapezeka ulusi wa bulangeti, kamchenga, ufa pang'ono, ndi zidindo za zala za anthu a mabanja asanu ndi limodzi, aliyense ndi nthenda yake. Chala chimene chachokera pa chipere cha uje ndi chomwecho chatsegulira njira chala chopita pamilomo ya uje. Palibe amafunsa. Fungo lotere lingalole bwanji kachilombo kukhala ndi moyo?

Obwereka ake ali ndi mwambo wawo. Munthu wamkulu sabwera yekha, amatuma mwana madzulo kuli kachisisira, nthawi yoti sungathe kunama kuti wachoka. "Odi! Amayi akuti muwagawireko kamfa pang'ono, ababa mutu wawagwira." Ukati ubweretse chala ndikupakire pomwepo, mwanayo amayankha kuti amuuza kuti atenge chitini chonse, abweza pompano. Pompano wa kamfa ndi wautali. Kachitini kamachoka kwa aNaphiri kupita kwa apongozi awo, kuchoka kumeneko kupita kumaliro kutsidya la mtsinje kumene oimba usiku anafuna kutsegula pakhosi, ndipo ukakafunsa amakudabwa kuti munthu wamkulu ngati iwe ungayendere kachitini.

Alamu anga aBanda okha ndi amene anandibwezerapo kachitini kodzaza kuposa mmene kanachokera. Ndinawathokoza ndi manja awiri, ndipo nyumba yonse inachira nako chimfine, msana ndi litsipa mpaka nyengo yozizira itatha. Mwana wawo ndi amene anadzaulula pambuyo pake, akusewera ndi anzake pabwalo, kuti atate ake atamaliza kamfa yense anadzazamo mafuta wamba odzola ana, n'kutakasa ndi kamtengo kuti atengeko fungo la m'mphepete. Nditawafunsa, alamuwo sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anandiyang'ana n'kunena kuti: "Nanga alamu, alipo amene sanachire?" Kenaka anafunsa ngati ndagula kena, poti bondo lawayambanso.